Za mapepala anu, ma reviewer ndi ndalama: tayankha mafunso amene mwakhala mukutifunsa

Masabata apitawa chitseko cha ofesi ya jenala yathu kuno ku Zomba sichikupuma, ena mukulawira m'mamawa ndi mapepala a kafukufuku m'manja, ena mukuimba foni usiku, pa WhatsApp ndiye osanena. Ambiri nkhani yake ndi imodzi, mafomu a promoshoni atsala pang'ono kutsekedwa kapena graduation yayandikira koma pepala lanu likadali kwa ife. Tikumvetsa ndithu. Nde tati tiyankhe pamodzi pano kusiyana nkuti aliyense azimva zakezake pakhonde.

Kodi peer review ndi chani?

Ndi pomwe akatswiri anzanu a phunziro lomwelo amawerenga pepala lanu lisanasindikizidwe nkulangiza edita kuti lituluke, likonzedwe kaye kapena likanidwe.

Ndinatumiza kalekale, chikuchedwetsa ndi chani?

Ma reviewer, akatswiri owerenga aja, salipidwa, ichi anthu ambiri sachidziwa. Ndi malekichala ndi ofufuza ngati inu nomwe, ali ndi makalasi, ali ndi ma script oti achonge, ali ndi maliro kumudzi, pepala lanu amaliwerenga usiku magetsi akakhalapo. Komanso dziko lathu ndi laling'ono, pa nkhani ina akatswiri ake ungawawerenge ndi zala, ndiye ukachotsapo supavaiza wanu, amene munalemba naye limodzi ndi amene mumagawana naye ofesi, otsala ndi ochepa kwambiri mpaka timakasaka kunja, ndipo kunjako ambiri imelo yathu sayankha nkomwe. Tivomere kuti nthawi zina vuto limakhala lathu, pali mapepala amene tinachedwa kukumbutsa owerenga ake. Amenewo eni ake tawalembera kale kupepesa.

Mungandiuze amene wandikanira pepala?

Ayi. Reviewer sapatsidwa dzina lanu, inunso simupatsidwa lake. Tikudziwa kuti Zomba ndi yochepa, mumakumana kumsika ndi kutchalitchi ndipo munthu akhoza kuganizira kuti kalembedwe aka ndi ka uje, koma ife sititsimikiza kapena kukana. Ngati pali wina amene munayambana naye, tiuzeni potumiza pepala ndipo mupereke chifukwa. Mukaona kuti chigamulo chalakwika lemberani edita mfundo ndi mfundo, mawu oti ndi nsanje chabe satithandiza kuunikanso.

Ndikalipira pepala lituluka msanga? Nanga ndalama mumatchajayo ndi yachani?

Apa tifotokoze mofatsa chifukwa pamveka zambiri. Majenala ambiri amene anthu amawerenga ulere pa intaneti amalipiritsa wolemba ndalama yosindikizira, ena salipiritsa konse, zonsezi ndi zololedwa bola zilembedwe poyera. Kwathu kuno ndalamayo imapemphedwa pepala litavomerezedwa kale, osati lisanawerengedwe, ndipo imathandiza kukonza chilankhulo, kuyala masamba ndi kusamala webusaiti. Reviewer sadziwa ngati mudzalipira kapena ayi. Palibe ndalama yofulumizitsira, ndipo wina akakuuzani kuti mumutumizire kangachepe pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba kuti akukankhireni pepala, musatumize, bwerani mudzatiuze.

Amene mulibe thandizo la ndalama, makamaka ophunzira, mukhoza kupempha kuti tikuchotsereni kapena tikuchepetsereni. Sitikulonjeza kuti aliyense wopempha adzapatsidwa, zimatengera mmene thumba liliri chaka chimenecho, koma pempholo silikhudza chigamulo cha pepala lanu ngakhale pang'ono.

Chomwe chikutiwawa ndi china. Mnyamata wina wa Masters anabwera ndi lisiti la madola amene anachita kukongola kwa achibale, anatumiza pepala ku jenala ina yakunja imene inamulembera imelo yomutamanda kuti ndi katswiri, patangotha masiku ochepa pepala latuluka, osasintha ndi chilembo chimodzi chomwe, ngakhale dzina la boma la Machinga linali lolakwika mmene analilakwitsira iye mwini. Palibe amene analiwerenga. Anafuna kuti ife tilisindikizenso koma sizitheka pokhapokha litachotsedwa kaye uko, ndipo oterowo akalandira ndalama samva za munthu. Kale anthu ankadalira mndandanda wa majenala okayikitsa wa Jeffrey Beall, wogwira ntchito ku laibulale wa ku America, koma iye anautseka mu 2017, ndiye pano musanatumize yang'anani ngati jenalayo ili pa DOAJ (mndandanda wa pa intaneti wa majenala owerengedwa ulere) kapena pa AJOL (webusaiti ya majenala a mu Africa), onani ngati maedita ake ndi anthu enieni opezeka pa mayunivesite amene atchulidwawo, ndipo funsani ku laibulale. Zoti komiti ya promoshoni ilandira jenala iti ndi za komitiyo, ife sitingaiyankhulire.

Kodi jenala yanu imatsatira malamulo anji?

Timatsatira malangizo a COPE, bungwe loona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku lomwe linayamba ku Britain mu 1997.

A supavaiza anga akuti dzina lawo likhalepo pa olemba pepala, mwinanso poyamba. Nditani?

Funso ili ambiri mumalifunsa monong'ona mutatseka chitseko, ndipo ifenso timaliyankha mosamala chifukwa nkhani zake sizifanana. Muyezo umene majenala ambiri amagwiritsa ntchito ndi wa ICMJE, bungwe la maedita a majenala a zachipatala, ndipo uli ndi mfundo zinayi zomwe zimafunika zonse pamodzi. Munthuyo akhale kuti anathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku, kutolera kapena kusanthula data, akhale kuti analemba nawo kapena kukonza mozama, avomereze pepala lomaliza, komanso alole kuyankhapo ngati mawa papezeka vuto. Masupavaiza ambiri amakwanitsa zimenezi, amene anakhala nanu zaka ziwiri kuwongola mutu uliwonse ndi cholembera chofiira ndi wolemba nawo ndithu ndipo kumusiya nkulakwa. Koma udindo paokha sukwanira. Kukhala mkulu wa dipatimenti, kusaina fomu kapena kupeza ndalama basi, malo ake ndi pa mawu othokoza. Za yemwe akhale woyamba zimasiyana malinga ndi phunziro, ngakhale kuti pepala lochokera mu thesis nthawi zambiri wophunzira ndiye amatsogola.

Tikudziwa kuti nkovuta kuuza a Dokotala kapena a Pulofesa amene akugwirizira digiri yanu kuti ayi bwana. Nchifukwa chake tili ndi fomu yoti aliyense alembe zimene anachita nkusaina, mukhoza kungoti ajenala ndi amene akufuna. Tinenenso poyera kuti mkangano ukabuka ife sitiweruza, timaimitsa pepala nkutumiza nkhaniyo ku sukulu kapena bungwe lanu, ndipo izi zimachedwetsa zinthu kwambiri. Muwakumbukirenso achinyamata amene amayenda ndi mafomu m'midzi ya ku Domasi ndi kunyanja ya Chilwa, amene anachita zoposa kungofunsa mafunso apatsidwe mpata wolemba nawo.

Ndingatumize pepala limodzi ku majenala awiri nthawi imodzi?

Ayi, dikirani yankho kapena lichotseni kaye kwa ife polemba kalata.

Turnitin iwonetse maperesenti angati kuti mulandire?

Turnitin ndi pulogalamu yoonetsa kuchuluka kwa mawu ofanana ndi zolembedwa kale, koma tilibe nambala yoti ukakhala pansi pake wapulumuka. Edita amayang'ana chomwe chafananacho, mndandanda wa mabuku ukhoza kukweza nambala popanda mlandu, pomwe ndime imodzi yokha yotengedwa kwa mnzanu osamutchula ndi kuba ngakhale nambala itatsika. Zimene munasindikiza kale inu nomwe nazonso zitchuleni.

Nanga ChatGPT?

COPE inanena mu 2023 kuti zida za AI (nzeru za makompyuta) monga ChatGPT sizingakhale wolemba chifukwa sizingayankhe mlandu. Mukagwiritsa ntchito nenani mu pepalamo. Ndipo chonde tsegulani buku lililonse limene yakutchulirani, takumana nawo kale mabuku oti kulibe.

Ndinatolera kale data popanda chilolezo, nditani?

Kafukufuku wokhudza anthu amafunika chilolezo cha komiti musanayambe, monga UNIMAREC ya University of Malawi kapena makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology. Makomiti kawirikawiri sapereka chilolezo cha ntchito yochitika kale, ndiye kalankhuleni nawo iwowo, ife popanda kalata yawo pepala lotere sitilipititsa kwa owerenga.

Pepala likatuluka kale mungalichotsenso?

Eya, mlandu suola. Pepala la Andrew Wakefield lokhudza katemera linatuluka mu jenala ya zachipatala ya The Lancet mu 1998 ndipo linachotsedwa mu 2010, patatha zaka 12. Cholakwika chaching'ono timangosindikiza chiwongolero, koma data yopeka kapena kukopera timalemba chidziwitso chochotsa pepala chomwe chimakhala pa intaneti limodzi ndi mayina a onse olemba. Mukatulukira nokha kuti tebulo lina linalakwika tilembereni msanga, mutumize ndi data yoyambirira kuti edita aone kukula kwa vutolo.