Chimbale kumveka mosiyana si umboni woti gulu lagulidwa

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa pakati pa ife Amalawi okonda nyimbo za indie rock (nyimbo za rock za magulu oimba amene sali pansi pa makampani akuluakulu a nyimbo) kuno ku Johannesburg, kaya ku Melville kaya ku Braamfontein. Akuti gulu likatulutsa chimbale chosiyana ndi zakale, ndiye kuti kampani yaikulu yaligula ndipo ikulilamula zoimba. Zanditopetsa, abale anga.

Kamvekedwe kamasintha pa zifukwa wamba. Woimba ng'oma akachoka n'kubwera wina, kagundidwe kamasintha. Wojambula nyimbo wina amakonda kukweza gitala, wina amaitsitsa kuti mawu amveke patsogolo. Komanso anthu amakula, zimene ankaimba ali anyamata sangaziimbe mpaka kalekale.

Kudzifufuzira n'kosavuta. Tembenuzani chikuto cha CD, kapena tsikani pansi pa mndandanda wa nyimbozo pa foni, mupeze chizindikiro cha ℗. Pamenepo pamalembedwa chaka ndi mwini wake wa nyimbo zojambulidwazo, nthawi zina ndi kampani imene yapatsidwa chilolezo chozigulitsa. Yerekezerani ndi chimbale chakale, muone ngati dzina lasintha.

Kusachikonda chimbalecho ndi ufulu wanu, inenso zina sindizikonda. Koma musanatumizire anzanu nkhani ya kugulidwayo, yambani mwawerenga mzere umenewo.