Dublin sipambana chifukwa cha bwalo lokha

Ku Ireland kuli nkhambakamwa yakalekale yoti timu ya Dublin ya mpira wa Gaelic (mpira wachikhalidwe wa ku Ireland) imatenga zikho chifukwa ndime yomaliza ya mpikisano waukulu wa All-Ireland imaseweredwa pakhomo pake, pa Croke Park. Mkokomowu udakula Dublin itatenga chikhochi kasanu ndi kamodzi motsatizana, kuyambira 2015 mpaka 2020.

Inde, pakwanu mpakwanu. Mu 2018 timu ya Kildare idauzidwa kuti ikakumane ndi ya Mayo ku Croke Park, chonsecho mayere adati masewerawo akhale kwawo. Idakanitsitsa kwamtuwagalu mpaka bungwe loyendetsa masewerawa la GAA lidagonja. Pa kabwalo ka St Conleth's Park ku Newbridge, ochemerera atadzaza m'mphepete mwenimweni mwa mzere, Kildare idapambana ndi mapointi 21 kwa 19. Nayonso Dublin imapindula: osewera sayenda ulendo wautali, amazolowera kukula kwa bwalolo, ndipo ochemerera awo amadzaza mbali ya bwaloli yotchedwa Hill 16.

Koma bwalo lomwelo, lolowa anthu 82,300, lidalipo kale pomwe Dublin inkavutika. Kuchokera 1984 mpaka 2010 idatenga chikhochi kamodzi kokha, mu 1995. Kerry, yochokera kutali kum'mwera chakumadzulo, ndiyo idachitenga kambirimbiri kuposa aliyense. Nanga pa hurling, masewera a ndodo omwe ndime yake yomaliza imaseweredwanso pa bwalo lomwelo? Dublin idalawa chikho chake komaliza mu 1938.

Chidasintha n'kuchuluka kwa ana ophunzitsidwa m'makalabu, ndalama zolipira makochi, komanso gulu la osewera aluso ngati Stephen Cluxton, lomwe kochi Jim Gavin adaliwongolera mpaka 2019.