Musanapite kukatchuna Golf GTI yanu

Sabata yatha ku galaja kunabwera mnyamata wina ndi Golf GTI yoyera, ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ya giya yosintha ndi dzanja. Anangoti tsike, n'kunena kuti: "Madala, ndikaponda pa giya 4 injini ikulira kwambiri koma galimoto sikupita." Sindinafunikire kutsegula boneti. Fungo la kilachi yopserera linali litafika kale pamene ndinaima. Nditamufunsa ngati anaitchunitsa, anayamba wayang'ana pansi. Anali atalipira munthu wina wa laputopu amene anamulowetsera pulogalamu yatsopano mu kompyuta ya galimotoyo, ntchito ya ola limodzi basi.

Golf GTI yoyamba inatuluka mu 1976 ndi injini ya malita 1.6 yotulutsa 110 horsepower, ndipo inkathamanga chifukwa chopepuka. Ya m'badwo wa mnyamatayu inayamba kugulitsidwa mu 2013. Ili ndi injini ya malita 2.0 ya turbo, yotchedwa EA888, yotulutsa 220 horsepower ndi mphamvu yopotokola (torque) ya 350 Nm, ndipo imafika pa 100 km/h m'masekondi pafupifupi 6.5. Ku Joni achinyamata amaitcha "Vrrr-pha", kutsanzira kulira kwake ikamasintha giya.

Kutchuna kotereku, kumene amakutcha Stage 1, n'kosavuta kumvetsa. Palibe chitsulo chimene chimasinthidwa. Kompyuta imangouzidwa kuti ilole turbo kukankha mpweya wambiri, ithire petulo wofanana ndi mpweyawo, ndiponso isinthe nthawi imene pulagi imayatsa moto. Pa injini imeneyi zimenezi zokha zimatha kukweza mphamvu kuyandikira 300 horsepower. Ndiye funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti: ngati mphamvuyo inalimo kale, opanga anaibisiranji?

Sanaibise. Anasiya mpata. Galimoto imodzimodziyo iyenera kuyenda ku Norway m'chisanu ndi ku Chikwawa mu Okutobala, kumwa petulo wabwino ndi wokayikitsa, kuyendetsedwa ndi munthu wosamala ndi wina amene amaiwala oyilo chaka chonse. Wotchuna amadya mpata umenewo. Ukatha, cholakwika chaching'ono chimakhala chachikulu.

Apa mpamene nkhani ya petulo imandidetsa nkhawa kuposa zonse. Pulogalamu iliyonse imalembedwa poganizira octane inayake (muyeso wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa osaphulika yekha), kawirikawiri 95 kapena 98. Petulo akakhala wotsika kuposa pamenepo, amaphulika yekha mu silinda nthawi isanakwane, ndipo pisitoni imamenyedwa ikadali kukwera. Injini ili ndi masensa omva kugogoda kumeneku, ndipo kompyuta imachedwetsa moto kuti idziteteze, koma malire alipo. Tsono taganizirani nyengo imene pa mafilingi pali mizere, inu n'kugula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu osadziwa kuti asakanizamo chiyani. Minibasi imatsokomola n'kupitirira. GTI yotchunidwa ikhoza kuswa pisitoni. Ngati simungathe kulumbira za petulo amene mumathira, pemphani pulogalamu ya octane yotsika, olo mutataya mphamvu pang'ono.

Kutentha nakonso ndi mdani. Mpweya wopanikizidwa ndi turbo umatentha, ndipo intercooler ndiyo imauziziritsa usanalowe mu injini. Mukaponda kawiri katatu motsatizana masana dzuwa likuswa mtengo, mudzaona kuti ulendo wachitatu galimoto yafooka. Sinawonongeke, ikungodziteteza. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, Johannesburg pafupifupi 1,750, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho turbo imazungulira kwambiri kuti ipeze zimene pulogalamu ikufuna.

Za kilachi mwamva kale. Ya GTI ya manyuwo siinapangidwe kuti inyamule mphamvu yoposa ya ku fakitale ndi zambiri, ndipo ikatchunidwa imayamba kuterereka msanga. Giyabokosi yosintha yokha ya DSG ya magiya 6 imapirira bwinoko, koma oyilo wake ndi fyuluta ziyenera kusinthidwa pa makilomita 60,000 alionse. Galimoto zambiri zobwera kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban zimafika popanda buku la sevisi. Ine ndimangotenga ngati sizinasinthidwepo, n'kuyambira pamenepo.

Ndisanalole laputopu kuyandikira, ndimayang'ana pansi pa injini ngati pali madontho ofiirira a madzi oziziritsa, chifukwa pa injini iyi pampu ya madzi ndi nyumba ya thermostat, yomwe ndi ya pulasitiki, zimadziwika ndi kudontha. Ndimasintha mapulagi, ndimayesa makoyilo opereka moto ku mapulagiwo, ndimathira oyilo wolembedwa VW 502 00 kapena 504 00 pa botolo, osati wa m'mabotolo a Fanta wa ku msika.

Pali chinanso chimene achinyamata sakonda kumva. GTI imakoka ndi matayala akutsogolo okha. Mphamvu yowonjezerayo pa giya 1 ndi 2 imangothera mu utsi ngati matayala ali a kaunjika. Tayala la 225/40 R18 lili ndi mnofu wochepa kwambiri m'mbali, moti dzenje limodzi pa M1 usiku likhoza kutupitsa tayala ndi kupinda limu nthawi imodzi. Amene amafuna malimu a mainchesi 19 ndi kutsitsa galimoto pansi ndimawauza kuti ayambe awerenga mahampu a pakati pa nyumba yawo ndi ku ntchito. Mainchesi 17 saoneka bwino pa Facebook, koma amafika ku Mzuzu ali ozungulira.

Mnyamata uja ndinamuwerengera mtengo wa kilachi yolimba, matayala awiri akutsogolo ndi mapadi a mabuleki. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati n'zotheka kubwezeretsa kaye pulogalamu yakale mpaka atasonkhanitsa ndalama. Ndinamuuza kuti n'zotheka, mphwanga, bola munthu wa laputopu uja anasunga fayilo yoyambirira. Anamuimbira katatu ataima pa geti pomwepo, foni inali yothima.