Asayimenti ya pagulu: bwanji okhetsa thukuta amakhala awiri okha?

Mphunzitsi akaika ophunzira 8 pa gulu limodzi n'kuwapatsa asayimenti ya milungu inayi, zimene zidzachitike zimadziwikiratu. Awiri adzachezera kulemba usiku wotsiriza, atatu azingoyankha kuti "chabwino" pa WhatsApp, otsalawo adzatulukira tsiku lolemba maina pachikuto. Malikisi n'kukhala ofanana.

Tisafulumire kuwanena ulesi. Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, adayeza mphamvu za anthu pokoka chingwe. Zimene adafalitsa mu 1913 zidaonetsa kuti okoka akamachuluka, aliyense amafooketsa dzanja: atakwana 8, munthu ankatulutsa pafupifupi theka la mphamvu zake. Mu 1979, Bibb Latané, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, ndi anzake adapezanso zomwezo atauza anthu kuti afuule ndi kuomba m'manja. Munthu akaona kuti khama lake lisowera m'chigulu, amalefuka.

Choncho yambani n'kuchepetsa gulu. Anthu anayi ndi okwanira. Pa anayi, njira zolumikizirana awiriawiri zilipo 6; pa anthu 8 zimafika 28, ndipo malo obisala amachuluka.

Bruce Tuckman, katswiri winanso wa za maganizo a anthu, adafotokoza mu 1965 kuti gulu limadutsa magawo anayi: kudziwana, kukangana, kugwirizana za kayendetsedwe, kenaka kugwira ntchito. Vuto lenileni lagona pa gawo lachiwirilo. Ophunzira ambiri amalizemba poopa kukhumudwitsana, ndipo gulu limaoneka lamtendere chikhalirecho nkhani zikufera mumtima. Wamanyazi amapereka maganizo kamodzi, anzake n'kungopitirira ngati sanamve, iye n'kutseka pakamwa mpaka mapeto. Wakhama uja nayenso ali ndi mlandu wake: akalandira ndime ya mnzake, amaifufuta n'kulemba yake osamuuza. Mnzakeyo adzalemberanji ulendo wina? Palinso amene alibe laputopu kapena bandulo, ndipo akuchita manyazi kunena. Wamanyazi, womufufutira ndime ndi wopanda laputopu, onsewa m'maso mwa mphunzitsi amaoneka ngati okolola posalima, pomwe aliyense akufunika thandizo losiyana.

Pa msonkhano woyamba, gulu lilembe pangano la tsamba limodzi: dzina, gawo lake, tsiku lopereka, ndi chochita wina akajomba kawiri. Wopanda kompyuta apatsidwe ntchito yooneka, monga kufunsa anthu mafunso kapena kufufuza mu laibulale. Koma kugawana kusathere pa kungolumikiza zidutswa; aliyense awerenge gawo la mnzake mmodzi ndi kulembapo ndemanga.

Mphunzitsi asadikire tsiku lomaliza. Kumapeto kwa mlungu wachiwiri akhale ndi gulu lililonse mphindi 10, ndipo asankhe yekha woyankha, osati wolongolola uja. Amufunse za gawo lomwe sadalembe iye. Pamenepo mpamene zimadziwika ngati anthuwa amakumanadi. Ngati akulembera mu Google Docs, pulogalamu yolembera limodzi pa intaneti, mbiri ya zosintha imaonetsa amene adalemba chiyani ndiponso liti.

Malikisi agawidwe pawiri, mwachitsanzo 70 a gulu lonse, 30 a munthu payekha. Ophunzira ayesane mwachinsinsi kawiri, pakati ndi pamapeto, ndipo aliyense alembe chifukwa chogwirika: "sadabwere misonkhano itatu", osati "ndi waulesi". Kuyesana kwa pamapeto pokha kumasanduka kubwezerana chipongwe. Kwa pakati kumapatsa wotsalira milungu iwiri yoti abwerere pa chingwe.