Tenisi ya ku Blantyre: kuchoka mu mpanda wa kalabu kufika kwa ana a ku Ndirande

Tenisi ndi mzinda wa Blantyre n'za msinkhu umodzi. Mu 1874 Walter Wingfield analembetsa ku Britain masewero a tenisi ya pa kapinga, mu 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika kuno n'kupatsa malowa dzina la kwawo kwa David Livingstone, ndipo chaka chotsatiracho mpikisano woyamba wa tenisi wa Wimbledon unaseweredwa ku London. Azungu amene anatsatira amishoniwo kudzachita malonda ndi kulima khofi anabwera ndi masewero amene kwawo anali atangotchuka kumene. Pomafika 1896 n'kuti atakhazikitsa Blantyre Sports Club, yomwe ilipobe mpaka lero.

Makalabu a nthawi ya atsamunda anali a eni ake. Munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito: kutchetcha kapinga, kuperekera zakumwa, kunyamula ndodo za gofu, kutola mipira. Koma mwana wotola mipira saima pabwalo ngati chitsa. Amaona mmene bwana akugwirira raketi, poponda phazi, pomwe mpira ukugwera. M'mayiko ambiri a mu Africa muno, osewera akuda oyambirira anatulukira pakhomo limeneli.

Ufulu wa 1964 unachotsa tsankho la khungu, mpanda n'kutsala wa ndalama. Mpira wamiyendo sulira zambiri, ana amakulunga majumbo, kuika miyala iwiri, basi masewero ayamba. Tenisi imafuna bwalo losalala lotalika mamita 23.77, neti, raketi yochokera kunja, nsapato, komanso mipira imene imayamba kuphwa mpweya chitini chikangotsegulidwa. Zingwe za raketi zikaduka pamafunika makina olukira ndi munthu wodziwa kulukako. Kholo la ku Ndirande, Bangwe kapena Mbayani lomwe likusaka ya ufa silingayambe n'komwe kuganiza zimenezo.

Apa ndi pomwe panalowera anthu odzipereka. Kawirikawiri amakhala oti anasewerapo kale, aphunzitsi, kapena makolo amene ana awo anakula n'kusiya maraketi m'kabati. Salandira kanthu. Loweruka m'mawa amasesa bwalo, kumanga neti yong'ambika ndi chingwe, n'kugawa maraketi ochepawo kuti ana azilandizana. Amene sanaonepo amaganiza kuti chithandizo chachikulu ndi kuphunzitsa kumenya mpira. Ayi ndithu. Ndalama zambiri zimathera pa thiransipoti ya minibasi, nsapato za pa kaunjika, ndi kachakudya, chifukwa mwana amene wachoka kunyumba osalawa kanthu sathamanga ola lathunthu padzuwa la Okutobala. Kenako pamabwera nkhani ya fizi ndi yunifolomu, poti kochi sangangoyang'ana mwana wake waluso akusiya sukulu.

Zina zinapepukako chifukwa cha bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse la ITF. Mu 2007 linayamba kulimbikitsa mipira yofewa, yofiira, yaolenji ndi yobiriwira, ndipo kuyambira 2012 mipikisano ya ana a zaka 10 kutsika m'munsi imaseweredwa ndi mipira yotereyi pa mabwalo olingana ndi msinkhu wawo. Mpira wofiira uja sufulumira, ndiye bwalo limodzi limagawidwa tizigawo tingapo, ana n'kumasewera chopingasa. Ngakhale bwalo la netibo la pasukulu limatheka, bola choko chojambulira mizere.

Odzipereka amakonda kukumbutsana za Arthur Ashe, katswiri wa tenisi wa ku America, amene mu 1971 anaona kamnyamata kakusewera ku Yaoundé m'dziko la Cameroon. Kamnyamatako kanali Yannick Noah, yemwe anadzapambana French Open, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku Paris, mu 1983. Nkhaniyo ndi yoona, koma ine ndimaona kuti imalemetsa ana katundu wosayenera, ngati kuti amene sadzafika ku Paris wawononga nthawi ya kochi.

Mkangano umene sutha m'magulu otere ndi wa nthawi ya bwalo. Mamembala akuluakulu amene amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi amati neti ndi mipira zimagulidwa ndi iwo, choncho madzulo akaweruka kuntchito bwalo likhale lawo. Makochi amayankha kuti ana nawonso amaweruka kusukulu masana omwewo, ndipo ayenera kubwerera kwawo kusanade. Miyezi ya Juni ndi Julayi zimafika povuta, chiperoni chikanyowetsa bwalo m'mawa wonse, dzuwa n'kulowanso msanga, magulu onse awiri n'kumalimbirana maola awiri omwewo.