Depreciation si ndalama zimene mwasunga penapake

Funso ili ndatopa nalo: "A akauntanti, ndalama za depreciation zija zili mu akaunti iti?" Palibe akaunti yotero. Depreciation ndi njira yogawira mtengo wa makina, galimoto kapena nyumba pa zaka zimene mudzazigwiritse ntchito. Ndalamazo zinatuluka kale tsiku limene munagula. Zimene zimalembedwa chaka ndi chaka zimachepetsa phindu la pa pepala basi, sizikuikirani kanthu kubanki.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nambala ya zakayo. Lamulo la IAS 16, limodzi mwa malamulo a IAS amene mayiko ambiri amatsatira polemba mabuku a ndalama za makampani, limanena momveka kuti zaka zowerengedwa ndi zimene kampani yanuyo ikuyembekeza kugwiritsa ntchito katunduyo, osati zimene katunduyo angakhalepo asanasanduke chitsulo chadzimbiri. Galimoto yoyenda usana ndi usiku singafanane ndi yonyamula abwana kupita ku ofesi, ngakhale zitatuluka mufakitale tsiku limodzi. Lamulo lomwelo limati nambalayi iunikidwenso pakutha pa chaka chilichonse. Ndi angati amatero?

Mpaka pano ndimawaganizirabe mayi ena amene anali ndi kampani yosindikiza. Anagula makina pa 12 miliyoni, n'kuyerekeza kuti adzawagulitsa pa 2 miliyoni akadzatopa. Munthu amene ankawalembera mabuku, wongobwera kamodzi pachaka ndi kalaputopu kake, anaika zaka 10 chifukwa akuti makina onse ndi zaka 10. Choncho ankachotsa 1 miliyoni pachaka. Komatu makinawo sankapuma, ndipo amakaniko anali atanena kale kuti akapitirira zaka zinayi ndi mwayi. Zikanayenera kukhala 2.5 miliyoni pachaka. Ndiye kuti chaka chilichonse mabuku ankaonetsa phindu la 1.5 miliyoni limene kunalibe, ndipo mayiwo ankalitapa ndi mtima woyera poganiza kuti ndi thukuta lawo.

Anabwera kwa ine m'chaka chachiwiri ndi kafunso ka msonkho. Nditaona nambala ya zaka ija ndinawachenjeza, iwo anati, "Tidzaziona ntchito ikachepa." Kukonza panthawiyo kunali kosavuta. Sipafunika kufufuta mabuku a zaka zam'mbuyo, chifukwa IAS 8 imati kusintha kotere kumayambira pomwe mwazindikirapo kupita m'tsogolo: mtengo wotsala mumangougawa pa zaka zotsala. Sanabwerenso mpaka makina ataima m'chaka chachinayi.

Apa m'pamene bodza lachiwiri linaonekera. Mabuku ankaonetsa ndalama zambiri pa mzere wa cash and cash equivalents (ndalama zimene zilipo kale ndi zinthu zosandutsika ndalama msanga), moti mayiwo anali ndi chikhulupiriro choti makina ena agula sabata yomweyo. Nditafufuza ndinapeza kuti wolemba mabuku uja anaunjikamo fixed deposit (ndalama zotsekeredwa kubanki kwa nthawi yoikika) ya miyezi 12 pamodzi ndi masheya. IAS 7 siilola zimenezo. Chinthu chimalowa pa mzerewu ngati mungachisandutse ndalama msanga, mukudziwiratu kuti mulandira zingati, ndipo chiopsezo choti mtengo wake usintha n'chochepetsetsa. Kawirikawiri chimakhala choti chikhwima pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene munachigula. Ndikubwereza: kuchokera tsiku logula. Fixed deposit ya chaka chathunthu siisanduka cash equivalent chifukwa choti yatsala ndi miyezi iwiri. Masheya ndiye musatchule n'komwe, mtengo wake umakwera m'mawa n'kugwa madzulo.

Banki inati mayiwo akathyola fixed deposit ija nthawi isanakwane ataya chiwongoladzanja, masheya nawo anali atatsika. Makasitomala sanadikire.

Chonde, samalani ndi olemba mabuku otsika mtengo amene sanapondepo kumene makina anu amagwirira ntchito. Ambiri amangotenga maperesenti a ofesi ya msonkho n'kuwaika m'mabuku anu ngati depreciation, pomwe ziwirizi n'zosiyana: a msonkho ali ndi malamulo awo, sadziwa kuti makina anu amalira maola angati patsiku. Ena amasiya kuwerengera depreciation makina akangokhala osagwira ntchito, chimenenso IAS 16 siivomereza. Mufunseni wokulemberani mabuku kuti zaka zimene waika wazitenga kuti, ndipo akuwerengereni chimodzichimodzi zimene zili pa mzere wa cash equivalents ndi tsiku limene chilichonse chikukhwima. Akayamba kuzungulira, pitani kwa akauntanti wolembetsedwa ku bungwe loona za ntchitoyi mwezi uno, chaka cha ndalama chisanatsekedwe.