Khobidi limene boma linati kulibe

M'chaka cha 1947, mnyamata wina wa zaka 16 wa mumzinda wa Pittsfield, m'chigawo cha Massachusetts ku America, anagula chakudya chamasana pa kantini ya kusukulu kwawo. Pakati pa ndalama zimene anamubwezera panali khobidi la senti imodzi, lofiirira ngati ena onse, lokhala ndi nkhope ya Abraham Lincoln, mtsogoleri wakale wa dzikolo. Chimene chinamudabwitsa ndi chaka chimene chinalembedwapo, 1943. Mwana aliyense wa ku America ankadziwa kuti makobidi a chaka chimenecho ndi otuwa, achitsulo. Lamkuwa la 1943 silinayenera kukhalapo n'komwe.

Mnyamatayo analembera kalata unduna wa zachuma wa dziko lake kufunsa za khobidilo. Yankho linabwera lachidule: mu 1943 sipanasulidwe khobidi lamkuwa, onse anali achitsulo chokutidwa ndi zinki. Iye sanatsutse. Anangolisunga.

Kuti timvetse chifukwa chake boma linayankha motsimikiza chonchi, tiyambire ku nkhondo. America inalowa mu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu Disembala 1941, ndipo posakhalitsa mkuwa unasanduka chinthu cha asilikali. Unkafunika popanga makoko a zipolopolo, mawaya a matelefoni a kunkhondo ndi zida zina zambirimbiri. Njala yomweyi ya mkuwa ndi imene inkayendetsa migodi ya ku Copperbelt, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene amuna ambiri ochokera ku Nyasaland ankakumba mkuwa wopita ku Britain. Ku America, khobidi la senti imodzi, limene eni ake amalitcha peni, linali ndi magawo 95 pa 100 a mkuwa, ndipo ankasula mamiliyoni mazanamazana chaka chilichonse. Boma linaona kuti mkuwa wonsewo sungamathere m'matumba a anthu. Mu 1942 anayesa zinthu zosiyanasiyana, ngakhale pulasitiki ndi galasi, mpaka anagwirizana pa chitsulo chopakidwa zinki pamwamba.

M'mafakitale atatu osula ndalama, a ku Philadelphia, Denver ndi San Francisco, munatuluka makobidi achitsulo oposa 1 biliyoni m'chaka chimodzi chokhacho. Anthu sanawakonde. Akakhala atsopano ankaoneka ngati ndalama yasiliva ya masenti 10, moti ogula ndi ogulitsa ankasokonezana. Akanyowa ankachita dzimbiri m'mbali, chifukwa zinki sinafike m'mphepete. Makina ogulitsa zinthu, amene anali ndi maginito ogwirira ndalama zachinyengo, ankawakana. Pofika 1944 boma linabwerera ku mkuwa.

Nanga lamkuwa la mnyamata uja linachokera kuti? Apa m'pofunika kudziwa m'mene khobidi limapangidwira. Amayamba ndi chitsulo chophwatalala ngati lata, n'kubowolamo timbale tozungulira topanda chithunzi. Timbaleti amatithira m'mabokosi akuluakulu n'kupita nato ku makina, kumene kalikonse kamapanikizidwa pakati pa zidindo ziwiri, china cha kumaso china cha kumbuyo. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti kumapeto kwa 1942 timbale tingapo tamkuwa tinatsalira m'makona ndi m'mipata ya mabokosiwo. Chaka chatsopano chitayamba, anathiramo tachitsulo, tamkuwa tija tinasunthika n'kulowa m'makina limodzi ndi tinzake. Makina sasankha. Anadinda 1943 pa chilichonse chimene chinafika pansi pa chidindo, ndipo palibe wantchito amene akanaona timbale towerengeka pakati pa mamiliyoni.

Mpaka lero makobidi enieni amkuwa a 1943 amene atsimikizidwa ndi pafupifupi 20 okha. Ambiri mwa iwo ndi a ku Philadelphia, ochepa ndi a ku San Francisco, ndipo la ku Denver ndi limodzi lokha. Limeneli linagulidwa madola 1.7 miliyoni mu 2010. Zomwezi zinachitikanso mobwerera chaka chotsatira: timbale tachitsulo totsalira tinadindidwa 1944, ndipo makobidi amenewo nawonso ndi osowa kwambiri.

Chimene chimandikhudza pa mbiri imeneyi si mtengowo ayi, koma m'mene kukana kwa boma, mphekesera ndi chinyengo zinakulira limodzi ngati maudzu a m'munda umodzi. Nkhondo itangotha kunamveka mphekesera yoti Henry Ford, mwini kampani ya magalimoto, apereka galimoto yatsopano kwa aliyense wobweretsa khobidi lamkuwa la 1943. Sizinali zoona, ndipo mnyamata wa ku Pittsfield uja atafunsa ku kampaniyo anauzidwa chomwecho. Koma mphekesera inali itayenda kale. Ana ndi akulu omwe anayamba kutembenuza khobidi lililonse kuona chaka. Pamene anthu ambiri akufuna chinthu chosowa, akathyali sachedwa. Ena ankatenga lachitsulo la 1943 n'kulipaka mkuwa pamwamba. Ena ankatenga lamkuwa la 1948 n'kupala nambala 8 mbali imodzi kuti ioneke ngati 3. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makobidi otere alipo ambirimbiri mpaka pano, kuposa enieni kutalitali.

Komabe kuwazindikira sikovuta. Ikani maginito pafupi: likamamatira, ndi chitsulo chopaka. Likapanda kumamatira, liyezeni pa sikelo yaing'ono. Lamkuwa limalemera magalamu 3.11, pamene lachitsulo limalemera 2.7. Kenaka yang'anani nambala 3, chifukwa pa makobidi enieni a chaka chimenecho ili ndi mchira wautali wotsikira pansi, umene 8 wopalidwa sangakhale nawo. Likapambana zonsezi m'pamene limapita kwa akatswiri.

Chizolowezi choyang'ana makobidi a Lincoln sichinayambe ndi nkhondo. Chinayamba tsiku limene khobidili linatuluka, pa 2 Ogasiti 1909, pokumbukira zaka 100 chibadwire Lincoln. Aka kanali koyamba kuti ndalama yogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku ku America ikhale ndi nkhope ya munthu weniweni. Wojambula wake, Victor David Brenner, anaika zilembo zoyamba za dzina lake, VDB, kumbuyo kwa khobidi, m'munsi mwa ngala ziwiri za tirigu. Anthu ena anadandaula kuti zilembozo zikuonekera kwambiri, ngati munthu akudzitsatsa pa ndalama ya boma, ndipo patangopita masiku ochepa zinachotsedwa. Pa nthawiyo ku Philadelphia anali atasula kale pafupifupi 28 miliyoni, koma ku San Francisco anali atasula 484,000 okha. Makobidi awiriwa ndi a chaka chimodzi, chithunzi chimodzi, mkuwa umodzi. Kusiyana kwake ndi kalembo kakang'ono ka S pansi pa chaka, kosonyeza kuti linasulidwa ku San Francisco. La ku Philadelphia, likakhala lotha, mumalipeza ndi madola ochepa. La S limayambira pa madola mazanamazana. Ukalamba wa khobidi suwerengedwa apa. Chimene chimawerengedwa n'chakuti anasula angati, ndipo atsala angati.

Cholakwika chimene chinachititsa kuti anthu ayambe kulemekeza zolakwika ndi cha 1955. Chidindo chosulira makobidi nachonso chimapangidwa podindidwa: ankachipanikiza kangapo ndi chitsulo china cholimba chokhala ndi chithunzi, kuti chithunzicho chilowe bwino. Ku Philadelphia chidindo china chinasuntha pang'ono pakati pa kupanikiza koyamba ndi kwachiwiri, ndiye chaka ndi mawu onse a kumaso anatuluka pawiripawiri, ooneka ndi maso popanda galasi. Chidindocho chinagwira ntchito usiku, n'kusula makobidi pafupifupi 40,000 munthu asanaone. Pozindikira, oposa 20,000 anali atasakanikirana kale ndi mamiliyoni a makobidi abwino. Akuluakulu anaona kuti kusungunula mulu wonse chifukwa cha amenewo n'kutaya nthawi, ndiye anawalola kupita. Ambiri anakatulukira kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, ena m'mapaketi a fodya. Paketi inali masenti 23, makina ogulitsira ankalandira ndalama ya masenti 25, ndiye ogulitsa ankalowetseratu makobidi awiri m'kati mwa pepala lokutira paketiyo ngati chenji. Lero ngakhale lotha limadutsa madola 1,000.

Apa m'pamene ambiri amasocherera. Si khobidi lililonse looneka modabwitsa limene lili ndi mtengo. Osonkhanitsa ndalama amasiyanitsa cholakwika chimene chinachitikira m'fakitale ndi kuwonongeka kumene kunachitika khobidi litatuluka. Lopondedwa ndi galimoto, lopsa ndi moto, lobowoledwa ndi msomali, ndi lowonongeka basi. Ngakhale zilembo zooneka pawiri zili mitundu iwiri. Pali za chidindo chenichenicho, monga za 1955, zimene zimafanana pa khobidi lililonse lochokera ku chidindo chimenecho. Palinso zongobwera chifukwa makina anagwedezeka podinda, ndipo zimenezi n'zofala, sizikweza mtengo. Cholakwika chamtengo ndi chimene akatswiri angathe kuloza gwero lake. Chitsanzo ndi 1922: chaka chimenecho makobidi anasulidwa ku Denver kokha, choncho lililonse linayenera kukhala ndi kalembo ka D kosonyeza Denver, koma chidindo china chinapalidwa mopitirira mpaka kalemboko kanafufutika. Popeza mbiri ya fakitale ikudziwika, khobidi la 1922 lopanda D lili ndi tanthauzo.

Maonekedwe nawo amakhudza mtengo. Makampani oyeza ndalama, monga PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC ya 1987, amapereka mlingo wochokera pa 1 mpaka 70, n'kutsekera khobidi m'kabokosi ka pulasitiki. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: mukapeza ndalama yakale, musaitsuke. Mtima umafuna kuikwecha ndi phulusa kapena mandimu kuti iwale ngati poto, koma kukwechako kumachotsa khungu lenileni la chitsulo, ndipo katswiri amazindikira msanga. Mtengo umagwa nthawi yomweyo.

Pali mkangano wina umene sunatheretu: kodi chinthu chimene boma silinafune kuti chituluke ndi cha yani? Mu 1969 ku San Francisco kunatulukanso makobidi a zilembo zooneka pawiri, ndipo apolisi a Secret Service analanda ena poganiza kuti ndi achinyengo. Angapo anawonongedwa zisanadziwike kuti anali enieni. Nkhani ya 1974 ndi yosiyana. Mtengo wa mkuwa utakwera, boma linasula makobidi a aluminiyamu oposa 1.5 miliyoni ongoyesera, n'kugawira aphungu ena kuti aone. Ganizolo linakanidwa, mwa zina chifukwa madokotala a ana anati mwana akameza khobidi lotere silioneka bwino pa ekisileyi. Boma linaitanitsa onse kuti asungunulidwe, koma ochepa sanabwerere. Patapita zaka zambiri, mwana wa mkulu wina wakale wa fakitale ya ku Denver anapeza khobidi la aluminiyamu la 1974 m'katundu wa malemu bambo ake nafuna kuligulitsa. Boma linati khobidilo ndi la boma, nkhani inapita ku khoti mu 2014, ndipo mu 2016 khobidilo linabwezedwa. Mfundo ya boma ndi yakuti lamkuwa la 1943 linatuluka pakhomo limodzi ndi ndalama zovomerezeka, pamene la aluminiyamu silinaloledwe konse kutuluka. Ine ndimaona kuti mfundoyi ndi yomveka, ngakhale ndimamva chisoni ndi banja limene linasunga kanthu ka bambo awo zaka zonsezo.

Ifenso tili ndi makobidi athu m'zitini ndi m'masutikesi a agogo. Ambiri amakumbukira khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lokhala ndi njovu ziwiri, limene linkasulidwa kuyambira 1955 mpaka 1963, kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971. Bowo limenelo si cholakwika, anapanga dala, ndipo makobidiwo anasulidwa mamiliyoni. Ndi osangalatsa kusunga ndi kuonetsa adzukulu, koma ambiri mtengo wake ndi wochepa. Zimandipweteka kuona munthu akutumiza ndalama kwa mlendo wa pa Facebook amene wamulonjeza mamiliyoni chifukwa cha khobidi lotere, bola ayambe walipira ya "kalembera". Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa. Nkhani zotere zachuluka makamaka tsopano pamene America yasiya kusula peni. Kupanga limodzi kunafika pa masenti 3.69, ndipo lomaliza linadindidwa ku Philadelphia pa 12 Novembala 2025, patatha zaka 232 chiyambire mu 1793. Koma makobidi mabiliyoni akadali m'manja mwa anthu, ndipo kuleka kusula sikuwasandutsa osowa.

Mnyamata wa ku Pittsfield uja anakalamba ali nalo khobidi lake. Akatswiri anadzatsimikiza kuti ndi lenileni, koma iye sanathamangire kuligulitsa. Analisunga zaka zoposa 70, mpaka thanzi lake litayamba kufooka m'pamene analipereka ku kampani yogulitsa zinthu pa okushoni ya Heritage Auctions. Anamwalira mu Seputembala 2018, malondawo asanachitike. Mu Januwale 2019 khobidilo linagulidwa pa okushoni madola 204,000, ndipo ndalamazo zinapita ku laibulale ya mumzinda wakwawo, Berkshire Athenaeum, kumene iye ankakonda kupita.